Mlandu wa Duwa la Chipale

M'nyengo yachisanu ya kumapeto kwa chaka cha 1610, pamene mzinda wa Prague unali likulu la Mfumu Rudolf II, munali m'mzindamo munthu wanzeru zakuya dzina lake Johannes Kepler, amene, ngakhale anali ndi udindo waulemu wa katswiri wa masamu wa kunyumba ya mfumu, ndipo anali atapeza kale malamulo awiri a kayendedwe ka mapulaneti, analibe kanthu m'thumba, popeza osunga chuma cha mfumu ankachedwetsa malipiro ake chaka ndi chaka. Unali mwambo wa dzikolo kuti munthu apereke mphatso ya chaka chatsopano kwa mkulu womuchirikiza, ndipo Kepler anali naye wake, nduna yotchedwa Johannes Matthäus Wacker von Wackenfels. Mwini wake akusimba kuti tsiku lina ali kuwoloka mlatho wamiyala wa pamtsinje wa Vltava, mtima uli pa manja ake opanda kanthu, chipale chofewa chinayamba kugwa, timaluwa take nititera pa chikhoti chake, ndipo atatiyang'anitsitsa anaona kuti tonse tinali ndi nthambi zisanu ndi imodzi. Mphatso yotere sikanafika kunyumba ya nduna isanasungunuke. Choncho anailemba m'kabuku ka masamba 24, kamene kanasindikizidwa ku Frankfurt mu 1611, ndipo funso la kabukuko linali limodzi: chifukwa ninji zisanu ndi imodzi, osati zisanu, kapena zisanu ndi ziwiri?

Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo uwu unakhala pabwalo zaka zoposa 300 usanagamulidwe, ngakhale mbali ina yake ikali kuzengedwa lero lino. Woutsata kuyambira pachiyambi adzapeza kuti chimene chinauchedwetsa sichinali kusowa kwa zipangizo kokha, koma chinthu china chaumunthu ndithu: mboni zambiri zimene zinaimirira zinakonda kukongola koposa umboni wathunthu, nizisankha timaluwa tangwiro tokha kuti tionekere pabwalo, tolumala ndi topindika nizititaya kumbali.

Kepler sanali woyamba kupenya zimenezi. Wowerenga Buku Lopatulika akumbukira kuti Mulungu, poyankha Yobu m'kamvulumvulu, anamfunsa ngati analowapo mosungiramo chipale ndi matalala. Koma limenelo linali funso lotseka pakamwa, ndipo mibadwo yambiri inalisiya chomwecho. Ku China, zaka ngati 135 Khristu asanabadwe, mphunzitsi wina dzina lake Han Ying analemba kuti maluwa a zomera kawirikawiri amakhala ndi nsonga zisanu, pamene a chipale amakhala nazo zisanu ndi imodzi. Anzeru a dzikolo anasunga chidziwitsochi zaka mazanamazana, nachilowetsa m'ndakatulo zawo, koma pochifotokoza anangoti chiwerengero chimenechi ndicho cha madzi ndi cha mphamvu yozizira yotchedwa yin, ndipo yankho lotere, pokhala losatheka kuliyesa, linagoneka nkhani m'malo moidzutsa. Ku Ulaya ndiye anali m'mbuyo koposa. Olaus Magnus, bishopu wa ku Sweden, munthu wobadwira ndi kukulira m'chipale, anatulutsa buku la mbiri ya mitundu ya kumpoto mu 1555 ali ku Rome, ndipo m'chithunzi chake cha chipale muli timaluwa tina tonga mwezi wongokhala kumene, tina tonga mivi, kena konga dzanja la munthu. Kaya cholakwacho chinali cha bishopu kapena cha mmisiri wosema chithunzicho, palibe mwa awiriwo amene anatchera mkono wa malaya ake panja n'kuwerenga nsonga.

Chimene chimsiyanitsa Kepler ndi akalewo ndicho chakuti anakana kulandira dzina la chinthu m'malo mwa chifukwa chake. Analingalira za njuchi, zimene zipinda za chisa chawo zili ndi mbali zisanu ndi imodzi. Analingalira za khangaza, limene nthanga zake zimayamba zobulungira, koma pokula zimapanikizana kufikira zitakhala ndi mbali zosalala. Ndipo anafika pa ganizo lakuti kapena nthunzi ya mumlengalenga ili ndi timibulu tating'onoting'ono tofanana, timene kuzizira kumatiunjika pamodzi. Pakuti munthu akaika mipira yofanana pathebulo naiyandikizitsa, uliwonse umazingidwa ndi ina isanu ndi umodzi, osaposa ndiponso osachepa. Apa anali atayandikira choonadi kwambiri, kukali zaka pafupifupi 200 John Dalton asanaike chiphunzitso cha maatomu pa maziko ake. Koma atalitembenuza ganizolo uku ndi uku, anaona kuti silinene chifukwa chake duwalo lili lophwathalala, ngakhale kumene nthambi zake zichokera. Ndipo m'malo molikakamiza, anangoti m'dziko lapansi muli mphamvu ina youmba maonekedwe a zinthu, imene nthawi zina imaumba mongosewera, nautula mlanduwo kwa akatswiri a kemisitiri kuti auone iwo. Ena amayesa mathero amenewa kulephera. Ine ndiyesa kuti ndiwo ulemerero wa kabukuko, popeza munthu amene anayeza njira ya pulaneti la Mars anavomera poyera kuti kanthu kotera pa chikhoti chake kamupambana.

M'kabuku komweko munagwera mbewu ina imene mwini wake sanaisamale kwenikweni. Kepler ankalemberana makalata ndi Mngelezi wina, Thomas Harriot, amene Sir Walter Raleigh anamfunsapo za kawerengedwe ka zipolopolo za mizinga zounjikidwa mulu. Ndipo Kepler ananena mongodutsa kuti palibe kaunjikidwe ka mipira kothina koposa ka mulu wosongoka wodziwika uja, kamene kamadzaza magawo 74 pa 100 a malo. Onse anaona kuti n'zoona, koma wozitsimikizira mwa masamu anasowa kufikira 1998, pamene Thomas Hales wa ku America anatero mothandizidwa ndi makompyuta, ndipo ntchito yoyesa umboni wake mzere ndi mzere inatha mu 2014. Kepler mwini sanabwererenso ku chipale. Chaka chimene kabukuko kanatuluka chinali cha misozi m'nyumba mwake: mwana wake Friedrich anafa ndi nthomba, mkazi wake Barbara namtsata mu Julayi, ndipo mfumu itamwalira mu Januwale 1612 iye anachoka ku Prague kunka ku Linz.

Obwera pambuyo pake anadza ndi maso akuthwa. René Descartes, ali ku Amsterdam mu Febuluwale 1635, anayang'ana chipale ndi maso okha, nalongosola zimene anaona m'buku lake la zanyengo la 1637: timbale tophwathalala ta mbali zisanu ndi imodzi, tinyenyezi, ndiponso timizati tokhala ndi duwa kunsonga zonse ziwiri, mtundu wosowa ndithu. Patapita zaka 30, mu 1665, Robert Hooke wa ku London anatulutsa buku lake lotchuka la Micrographia, m'mene anajambula nthata, diso la ntchentche, ndi chipale chomwe, monga zinkaonekera pa maikulosikopu. Ankachitchera pa nsalu yakuda kapena pa chipewa chakuda, ndipo anaona kuti pa duwa limodzi nthambi zonse zimatengana maonekedwe. Koma anaonanso china chimene sichinamkondweretse: pamene ankakulitsa chithunzi, ndi pamenenso zilema zinkachuluka. Hooke anali munthu woona mtima, ndipo sanabise zimenezi. Komatu pokhulupirira kuti ntchito ya Mlengi siingakhale ndi chilema, anagamula kuti zilemazo n'zobwera ndi kusungunuka ndi kusweka panjira, ndi kuti wokhoza kukwera kumitambo akanapeza maluwawo ali angwiro. Ganizo limeneli, lakuti duwa lenileni ndi lokongola lija ndipo lolumala ndi longowonongeka, linakhala pampando zaka zoposa 250.

M'zaka zimenezo osonkhanitsa anachuluka. William Scoresby, kapitawo wa zombo zosaka anamgumi wa ku Whitby, anasindikiza zojambula 96 mu 1820 za chipale cha kunyanja za kumpoto. Ku Japan, Doi Toshitsura, mfumu ya dera la Koga, anatha zaka ngati 20 akuyang'ana pa maikulosikopu yochokera kwa Adatchi, natulutsa zojambula 86 mu 1832, zimene anthu anazikonda kufikira kuzidinda pa nsalu zovala.

Koma amene anapatsa dziko lonse chithunzi cha duwa la chipale chimene chili m'mitu ya anthu kufikira lero, chija chimaoneka pa makadi a Khirisimasi ngakhale kuno kumene Khirisimasi imafika ndi thukuta, sanali profesa kapena mfumu, koma mlimi wa m'mudzi wa Jericho, m'chigawo cha Vermont ku America, dzina lake Wilson Bentley, wobadwa mu 1865. Mayi ake, amene kale anali mphunzitsi, anamphunzitsira pakhomo, nampatsa maikulosikopu yakale ali ndi zaka 15. Mnyamatayo anayamba ndi kujambula pamanja, koma duwa lililonse linkasungunuka iye asanatsirize. Ndipo mayiwo anaumiriza bambo, amene ankaona zonsezi ngati kutaya nthawi ya kumunda, kuti agule kamera yokhoza kulumikizidwa ku maikulosikopu. Atalephera nyengo yathunthu, pa 15 Januwale 1885, ali ndi zaka 19, anatenga chithunzi chake choyamba chooneka bwino.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'koyenera kukasimba, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankaimirira pakhomo pa chisakasa chopanda moto, atanyamula thabwa lakuda, nadikira kuti chipale chiterepo. Akaona duwa lomkomera ankalinyamula ndi kachitsotso kothyola ku tsache, naliika pagalasi, nalikhazika bwino ndi nthenga, osapuma mpweya kumene kuli duwalo, popeza mpweya umodzi wa m'kamwa ukanalifafaniza. Kuwala kwake kunali kwa pazenera basi. Anachita zimenezi zaka 46, osakwatira, anansi ake akumuyesa wozungulira mutu, kufikira zithunzi zake zinapitirira 5,000. Ndipo ndi iyeyo amene anafalitsa mawu akuti palibe maluwa awiri a chipale ofanana. Buku lake lalikulu, la zithunzi zoposa 2,400, limene analikonza ndi William Humphreys wa ku ofesi ya zanyengo ya boma la America, linatuluka mu Novembala 1931. Milungu ingapo pambuyo pake anayenda pansi makilomita pafupifupi 10 m'chimphepo cha chipale pobwerera kwawo, nagwidwa ndi chibayo, namwalira pa 23 Disembala chaka chomwecho.

Akali moyo anakumana ndi womtsutsa woopsa. Gustav Hellmann, katswiri wa zanyengo wa ku Berlin, anatuma dokotala wodziwa kujambula, Richard Neuhauss, kuti amtengere zithunzi za chipale, ndipo zimene zinatuluka m'buku la 1893 zinali za maluwa othyoka nthambi, olemera mbali imodzi, omatidwa ndi timadontho toundana. Ataona za Bentley, Ajeremaniwa anamuimba mlandu wa chinyengo. Ndipo kunali koona kuti Bentley ankapala galasi la chithunzi ndi kampeni mozungulira duwalo, kuti lionekere loyera pa mdima, ndi kuti ankachotsa zipsera zina. Iye poyankha anati kusiya chithunzi ndi zilema zobwera panjira ndiko kunamizira chilengedwe, mawu a Hooke omwe aja atavala malaya atsopano. Pa mkangano umenewu mtima wanga uli ndi mlimi, koma chiweruzo changa chili ndi a ku Berlin. Bentley sanapeke duwa ndi limodzi lomwe; onse amene anajambula anagwadi kuchokera kumwamba. Koma mboni imene isimba zokoma zokhazokha, ingakhale siinanene bodza, imasokeretsa bwalo, ndipo anthu mamiliyoni anakhulupirira kuti chipale chonse chimagwa chotero, pamene woyang'ana pa mkono wake tsiku la chipale amapeza kuti changwiro n'chapatalipatali pakati pa zibuluma ndi zidutswa.

Pamene awa ankalimbana za zithunzi, theka loyamba la yankho linalowera khomo lina. Mu 1912 Max von Laue ku Munich anasonyeza kuti kuwala kwa X-ray kukapyoza mwala wa krustalo kumamwazikana mwadongosolo, ndipo William Bragg ndi mwana wake Lawrence ku England anapeza njira yodziwira, poona kumwazikanako, malo amene maatomu akhala. Bragg wamkulu analongosola kakhalidwe ka madzi oundana mu 1922, William Barnes nakatsimikiza mu 1929, ndipo John Bernal ndi Ralph Fowler mu 1933, pamodzi ndi Linus Pauling mu 1935, anaika malamulo a kagwiranidwe kake.

Chimene anapeza ndi ichi. Kagawo kochepetsetsa ka madzi, kotchedwa molekyu, kali ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi awiri a haidrojeni, ndipo sikowongoka koma kopindika, mikono yake iwiri itatambasuka madigiri 104 ndi theka. Madzi akaundana, molekyu iliyonse imagwirana ndi ena anayi, ndipo kuti onse agwirane chomwecho popanda wotsala, amadzikonza m'mikombero ya asanu ndi imodzi, yolumikizana mbali zonse ndi yosanjikizana mwamba ndi mwamba. Pakati pa mkombero uliwonse pamatsala mpata, n'chifukwa chake madzi oundana amapepuka ndi magawo ngati 9 pa 100 kuyerekeza ndi madzi wamba, nayandama m'kapu m'malo momira. Kepler anayesa kuti ngodyazo zimabadwa ndi kupanikizana. Zinapezeka kuti zimabadwa ndi kugwirana motalikirana. Kamwala ka madzi oundana kotere kakamakula pang'onopang'ono, malo ake okakala amakola mamolekyu msanga nadzaza, ndipo otsala ndi osalala okhaokha: mbali zisanu ndi imodzi m'mphepete, ina pamwamba, ina pansi. Za m'mphepete zikakula msanga pamabadwa kambale. Ya pamwamba ndi ya pansi zikapambana pamabadwa kamzati kapena kasingano.

Koma n'chiyani chimalamula kuti lero kugwe singano, mawa nyenyezi za nthambi? Theka lachiwiri limeneli linayankhidwa ndi Ukichiro Nakaya wa ku Japan, wobadwa mu 1900, amene ataphunzira ku Tokyo ndi ku London anatumizidwa mu 1930 ku yunivesite ya Hokkaido mumzinda wa Sapporo, kumene anapeza dipatimenti yatsopano yosowa ndalama ndi zipangizo, koma yokwiririka m'chipale miyezi ingapo chaka chilichonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: anasiya kulira zimene analibe, natenga maikulosikopu. Buku la Bentley linamkopa mtima, koma njira yake inali ina. M'kanyumba ka m'mapiri pa phiri la Tokachi anajambula zithunzi ngati 3,000, osasankha nkhope, zokongola ndi zonyansa zomwe. Anaziyang'ana cham'mbali ndiponso chapamwamba, anaziyeza kulemera ndi liwiro la kagwedwe, nazigawa m'mitundu 41, nawerenga kuchuluka kwa mtundu uliwonse, nalemba kuzizira ndi chinyezi cha tsiku limene unagwa. Mwa ichi anazindikira kuti zolumala zija zinali mboni zenizeni, zosimba za mpweya umene zinabadwiramo.

Kuti atsimikize, anafuna kulera duwa la chipale m'nyumba. M'chipinda chozizira chimene yunivesite inamanga, m'mene ofufuza ankagwira ntchito atavala zikopa zaubweya, anaika mipope iwiri yagalasi, wina m'kati mwa unzake, madzi ofunda ali pansi kuti nthunzi ikwere, napachika ulusi pamwamba kuti duwa limerepo. Anayesa thonje, silika, ngakhale ulusi wa kangaude, koma madzi ankaundana pa ulusi wonse nukhala chiyangayanga chopanda maonekedwe. Chimene chinathandiza ndi ubweya wa kalulu, umene uli ndi timfundo tapatalipatali, kotero kuti kuundana kumayambira pamalo amodzi. Ndipo pa 12 Malichi 1936, pansonga ya ubweya umodzi wotere, panamera duwa loyamba la chipale lopangidwa ndi anthu. Atasinthasintha kutentha kwa madzi ndi kuzizira kwa chipinda zaka zambiri, anakonza tchati chimene chimatchedwa ndi dzina lake, chimene chili m'buku lake losindikizidwa ku Harvard mu 1954. Pa madigiri 2 pansi pa ziro pamamera timbale; pa 5, singano ndi timizati; pa 15, timbale tatikulu topyapyala ndi nyenyezi za nthambi zija; kupitirira 25 kapena 30, timizati timabwereranso. Chinyezi chikachepa maonekedwe amakhala osalala ndi osavuta. Chikachuluka nthambi zimaphuka.

Tsono mbiri ya duwa limodzi ingathe kusimbidwa kuyambira kubadwa. Silili dontho la mvula loundana, monga ambiri amayesera. Mtambo ndi khamu la timadontho ta madzi, ndipo timadontho toyera tingathe kukhala tamadzimadzi kufikira madigiri 40 pansi pa ziro, pokhapokha titapeza kafumbi koyenera koyambirapo kuundana. Kamodzi kakaundana, kamayamba kukoka nthunzi mwamphamvu koposa anzake amadzi, kotero kuti mpweya wozungulira umauma, timadontho toyandikira nitiphwa, nthunzi yake nikakhala pa kamwala kaja osadzeranso m'madzi. Zimenezi anazilingalira Alfred Wegener mu 1911, yemwe uja ananena kuti makontinenti amasuntha, ndipo Tor Bergeron ndi Walter Findeisen anazikhazikitsa m'zaka za m'ma 1930. Duwa limodzi lalikulu limadya timadontho pafupifupi 100,000, pa theka la ola kapena kuposapo. Likamakula, ngodya zake zisanu ndi imodzi, pokhala zotulukira kunja, zimakumana ndi nthunzi mbali zosalala zisanailandire. Chotulukira chimakula msanga, ndipo chokula msanga chimatulukira koposa, kufikira ngodya iliyonse yasanduka nthambi, nthambi nayonso niphuka tinthambi.

Apa ndi pamene pagona chimene chinazunguza anthu kuyambira kwa Hooke: nthambi ya kumanzere imadziwa bwanji zimene ya kumanja ili kuchita? Siidziwa konse. Palibe mfumu pakati pa duwalo yopereka lamulo, palibenso mthenga woyenda pakati pa nthambi. Koma popeza duwalo ndi laling'ono, mamilimita ochepa chabe, ndipo mphepo imalitenga lathunthu kulowa m'mpweya wozizira, kutulukira m'wachinyezi, kukwera ndi kutsika, nthambi zonse zimakumana ndi kusintha kumodzimodzi pa kamphindi kamodzimodzi, monga mapesi a chimanga cha m'munda umodzi amaphukira pamodzi, kufota pamodzi m'ng'amba ndi kutsitsimuka pamodzi mvula ikabwerera, osapangana. Duwa lina, loyenda njira ina m'mtambo womwewo, limatuluka ndi maonekedwe ena. Ndipo limene lagundana ndi linzake, kapena lamatidwa ndi dontho mbali imodzi, kapena lagwa chopendekera, limakula lolumala kuchokera kumwamba komweko, kumene Hooke ankayembekeza kupeza zangwiro zokhazokha.

Tisayese kuti nkhani imeneyi ndi ya eni mayiko achisanu okha, kapena ya abale athu a ku Johannesburg amene anaona chipale chikugwa m'misewu pa 10 Julayi 2023. M'mitambo ikuluikulu ya mabingu ya m'dzinja lathu, pamwamba pa makilomita ngati 5 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi amaundana, ndipo yambiri ya mvula yamphamvu imene imagwa pa minda yathu imayamba ngati chipale, nisungunuka isanafike ngakhale pa nsonga ya Sapitwa, imene ili mamita 3,002. Matalala amene amang'amba fodya ndi ana a mtambo womwewo, koma iwo amakula pomatidwa ndi madontho oundana mwadzidzidzi, n'chifukwa chake alibe nthambi. Mphenzi nayo imabadwira pomwepo, pamene timaluwa topepuka tikukhulana ndi timatalala tofewa, tina nititenga magetsi a mtundu wina kunka nawo pamwamba, tina a mtundu wina kunka nawo pansi. Ndipo wofuna kuona umboni wa mbali zisanu ndi imodzi ndi maso ake asavutike ndi ulendo: mkombero wowala umene nthawi zina umazinga dzuwa kapena mwezi, pa mtunda wa madigiri 22, umapangidwa ndi kuwala kopindika podutsa m'timizati ta madzi oundana m'mitambo yopyapyala ya kutali, monga Edme Mariotte wa ku France anafotokozera mu 1681.

Mawu a Bentley akuti palibe awiri ofanana anayesedwanso. Mu 1988 Nancy Knight, wofufuza za mumlengalenga wa ku Boulder m'chigawo cha Colorado, analengeza kuti pa galasi lotcheredwa pa ndege m'mitambo ya ku Wisconsin anapezapo timizati tiwiri tosasiyanitsika pa maikulosikopu. Kenneth Libbrecht wa ku California Institute of Technology, amene anapitiriza ntchito ya Nakaya, walera maluwa amapasa anthambi, poika mbewu ziwiri pafupi pa galasi limodzi ndi kuzisinthira mpweya pamodzi, ndipo mapasawo ndiwo umboni woposa wonse wakuti njira ndiyo imaumba duwa. Komabe mlimi uja sanagonje kwathunthu, pakuti m'duwa limodzi muli mamolekyu ochuluka ngati 1 wotsatidwa ndi maziro 18, ndipo kuti awiri akuluakulu ogwa okha kumwamba afanane kufikira pa molekyu yomaliza n'kosayembekezeka.

Mbali ya mlandu imene ikali pabwalo ndi tchati cha Nakaya chomwe: chimanena zimene zimachitika, koma chifukwa chake kusiyana kwa madigiri atatu okha kumasandutsa mbale kukhala singano akatswiri akali kutsutsana. Ambiri amaloza ku khungu la madzi oundana, limene Michael Faraday anaganiza kale m'zaka za m'ma 1800 kuti limakhala lonyowa pang'ono ngakhale kuzizira kutapitirira ziro, ndipo khungu limeneli silikhala chimodzimodzi pa mbali za m'mphepete ndi pa mbali ya pamwamba. Pofuna kumasula zimenezi, ofufuza a masiku ano amasakasaka maluwa achilendo omwe akale ankawadumpha. Ena mwa iwo ndi a ngodya zitatu, amene amapezeka m'chipale kawirikawiri koposa m'mene mwayi wokha ukanalolera. Mu 2009 Libbrecht ndi Hannah Arnold atawalera ndi kuwayeza, anafotokoza kuti kambale kakakula msanga pang'ono mbali imodzi kamagwa chopendekera, mphepo nikhudza mbali zina koposa zinzake ndi kuzibweretsera nthunzi yambiri, kufikira mbali zitatu zatalika ndipo zitatu zafupika. Woziwerenga bwino amapeza kuti zikali zisanu ndi imodzi, ndipo ngodya iliyonse ikali ya madigiri 120.